Chitseko Chimene Abambo Anazula

Benga, Nkhotakota
Novembala 1972

Okondedwa achimwene Alufandika,

Ndayamba ndi moni. Kaya muli bwanji kumeneko ku sukulu ya ubusa, pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Ife kuno tilipo, koma n'kungopuma chabe. Kalatayi sindinaiponye ku positi, ndapatsira a Useni oyendetsa lole ya mpunga, chifukwa masiku ano envulopu imafika itawerengedwa kale.

Nkhani ndi ya mlongo wanu Mariamu, mng'ono wanga. Mukudziwa kuti chikwatiwire kwa a Adamu analowa Mboni za Yehova, ndipo a Mboni sagula khadi la chipani. Mwezi wathawu, Lachinayi masana, ine ndili ku Boma, achinyamata a chipani anafika pakhomo pawo. Anamenya a Adamu ndi nkhafi mpaka kukomoka, nyumba n'kuiyatsa, mpunga wonse n'kupsera m'nkhokwe. Ena mwa anyamatawo ndi omwe amaimba kwaya yathu.

Mariamu anali woyembekezera, wotopa kale. Anathamangira ku tchalitchi chathu, kumene amayi a mpingo anali pa mapemphero pamodzi ndi a mlaliki. Atamuona akubwera, a mlaliki analamula kuti atseke, ati akalowa wa Mboni tchalitchi chiotchedwa. Mariamu anagogoda, akuitana amayiwo maina, amayi omwe anamubereka kumsana ali khanda. Iwo anangokweza nyimbo. Anyamata aja anamupeza pakhomo pomwepo.

Amene anamutola ndi a Habibu, Msilamu uja amasoka makoka. Anamunyamula mpaka kwawo, ndipo akazi awo a Kulusumu ndiwo anamuthandiza. Mwana anabadwa tsiku lomwelo, wamwamuna, koma sanalire. Tinakamuika amayi okhaokha monga mwa mwambo, ine, a Kulusumu ndi achemwali awo. Wa mpingo sanaoneke ndi mmodzi yemwe. A Adamu tikumva kuti anathawira ku Zambia ndi a Mboni anzawo, koma mawu awo sitinalandire.

Abambo athu sanalire. Lamulungu belu litalira anatenga nyundo ndi tchizulo. Mukukumbukira kuti chitseko cha tchalitchi chija anakhoma ndi iwo, cha mlombwa, chaka chimene munabatizidwa. Anthu ali m'kati, anachizula n'kuchigoneka pansi. A mlaliki atafunsa kuti akutani, anayankha kuti iwo anachipanga kuti chizitsekereza mbuzi, osati mwana wa munthu. Kenaka anatembenukira mpingo wonse n'kufunsa kuti kodi muno timapembedza ndani, popeza manja amene anamenya mayi wapakati ndi omwewo akulandira Mgonero. Anthu anangozolika.

Akulu a mpingo anadula abambo mumpingo tsiku lomwelo. Wina anakanenanso kwa tcheyamani kuti abambo akunyoza chipani. A chipani anabwera kudzawatenga, ndipo pamene ankawabweza anali akukoka mwendo, khutu limodzi losamva. Za kumeneko safotokoza. Chitseko chija anthu anabwezeretsa, aikapo ndi loko yemwe.

Tsopano timapemphera pakhonde pathu. Tinayamba awiri, abambo ndi ine, kenaka mabanja ena anayamba kumabwera mozemba. Tsiku lina anafika anaPhiri, amene anakoka mpiringidzo tsiku lija. Anagwada pamaso pa Mariamu akulira, koma Mariamu anayang'ana kukhoma. Ine ndinafuna kuwapirikitsa. Abambo anati ayi, akhale, ife sitinathawe kuja kuti tidzayambenso kusankha anthu kuno.

Sitiimba mokweza. Timawerenga Mawu, aliyense n'kunena chimene chikumuwawa, tikatha timapita kukalimira wodwala kapena wamasiye. Sabata yatha tinakathandiza a Habibu kusoka makoka awo, amene anyamata aja anawang'amba chifukwa chosunga Mariamu. Abambo akuti mwina kupembedza n'kumeneku, ati zaka zonsezi tinkazira nyumba ya Mulungu n'kuiwala anthu ake.

Ine sindikudziwa, achimwene. Ubatizo tilibe, Mgonero tilibe, ndipo a mlaliki akulalikira kuti ndife ogalukira. Anzanga amene ndinakula nawo sandipatsanso moni pachitsime. Nthawi zina belu likalira miyendo imafuna kupita yokha, ndimachita kugwira mzati.

Chimene ndalembera makamaka ndi ichi. Abambo akufooka, ayamba kutsokomola magazi. Anena kuti akatsikira kulichete tisadzawalowetse m'tchalitchi chija. Akulu a mpingo nawo atumiza mawu kuti pa maliro awo sipadzamveka nyimbo kapena pemphero, ndipo Mkhristu amene adzafikepo adzadulidwa.

Chonde bwerani pa Khirisimasi, muwapeze akadali ndi mpweya. Ndikudziwa kuti mukadzakhala nafe pakhonde akhoza kukuchotsani sukulu, mwinanso kukutengani monga anatengera abambo. Abambowo ati ndisakukakamizeni, muli ndi ana. Koma ine ndikukupemphani ndithu. Munthu amene anakuphunzitsani Pemphero la Ambuye asapite m'manda popanda mwana wake kumuwerengera ndi vesi limodzi lomwe. Ndipo mudzatiuze, inu amene mukuwerenga mabuku, ngati osochera ndife kapena iwo, chifukwa mukamaliza maphunziro adzakuimikani pa guwa longa lomweli, ndipo anthu adzakufunsani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Abambo akuti Ambuye akutsogolereni, chilichonse chimene musankhe. Mariamu salankhula kawirikawiri masiku ano, koma nditamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni, anati ndikuuzeni kuti mwana uja akanakhala moyo, akanamutcha dzina lanu.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Benedicta