Magalasi akuda a karinya ya Domingu

Amayi, kwacha bwanji kumeneko? Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chinakusiyani, ndipo tsopano mumagona chogona, osati kuchezera chokhala pamphasa monga munkachitira masiku otsiriza aja. Ndine Lazaro, chisamba chanu. Zilembo zokhotakhotazi musaziseke. Mukudziwa kuti ku shikola sindinapondeko, ndinazitola ndili ndi ndevu kale kumsasa kuja tinathawira nkhondo ku Zambia. Akanatha kundilembera ana, koma nkhani ya lero si yopatsa munthu wina.

Kuno ku Chipera tilipo. Mvula inadula pakati, chimanga cha kumtunda chinapserera chili ndi ngaiyaye, koma cha kudimba chatipulumutsa. Mtedza wanu wofiira uja mchemwali wanga Rozina anasunga mbewu, wakolola wambiri moti akuuyanika mpaka padenga la khola. Ng'ombe yanu yanyanga imodzi yaswa kakakazi. Mdzukulu wanga Ana naye wachira, mwana wamkazi, tamutcha Tereza, dzina lanu. Akamalira amachita kukalipa ngati mwini dzina.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi Domingu, mwana wa mchemwali wanga malemu Mariya, amene munamulera inu mayi ake atatisiya. Munamusiya akuyenda pamota, njinga yamoto ija, atamangirira ufa ndi kapenta kumbuyo, kukagulitsa kwa okumba golide ku Fingowe. Akafika ali mbuu ndi fumbi munkati, “Mwana uyu adzandithera m'maenje a msewu.” Zaka zonse zija sankadya ndalama zake, inu mukudziwa. Tsopano anagula galimoto, karinya. Si yatsopano ayi, inayendapo kale kwa eni ake, yoyera, ya mipando kutsogolo ndi kumbuyo, ndi mosenzera katundu. Vuto ndi lakuti inafika pamudzi tsitsi lathu lisanamere bwino chimetere maliro anu. Ine sindinaganizeko chilichonse. Ndinavina, Amayi, ndi miyendo yanga yomweyi.

Atayenda nayo pang'ono anaona kuti msewu wathu uimaliza, ndiye anapita nayo ku ofisina yokonzera magalimoto ku Tete. Pobwera sitinaizindikire. Kutsogolo anaimangira zitsulo zikuluzikulu ngati mpanda wa khola, kuti ng'ombe ikadumphira mumsewu isaphwanye injini. Pansi anakhoma chitsulo chophwatalala chotchinga miyala. Nyale anaziveka tiwaya, nawonjezera zina zinayi pamwamba pa denga. Kumbuyo kosenzera katundu anayalamo mphira kuti migolo isamakande, n'kuvundikirapo chidenga chokhala ndi loko, kuti ufa usanyowe ndiponso anthu asamasolole matumba pa chitunda. Pambali, cha kwa woyendetsa, anaimika chipaipi chakuda chofika kudenga. Anandifotokozera kuti injini imapuma ngati munthu, tsono powoloka mtsinje wodzaza izipumira pamwamba. Pomaliza anamata magalasi onse a m'mbali ndi pepala lakuda, loti wa m'kati amaona kunja koma wa kunja saona m'kati. Akuti limachepetsa kutentha, komanso achifwamba a m'njira ya ku golide asamadziwe ngati ali yekha kapena ali ndi anthu.

Zinandikomera zonsezo, ndipo mpaka lero ndikuti anachita bwino. Mphwanga kuyendetsa chinthu chotere! Ndinakhala kutsogolo, tinazungulira mudzi wonse, ine chipewa chili pabondo.

Koma mukudziwa mmene timachitira kuno. Galimoto ikamadutsa, aliyense amasiya khasu n'kuyang'ana kuti mwakwera ndani, akupita kuti, wodwala ndani. Amakweza dzanja, wa m'kati nayenso amakweza. Tsono iyi imadutsa ili bii, anthu akweza manja osaona wowayankha. Anayamba ndi kudandaula kuti Domingu wayamba kunyada. Kenako mawu anasintha.

Ndinawamvera pa bawo, pansi pa mtondo wa kumsika. A Jeke, aja munkawathamangitsa pa mowa wa maliro chifukwa cha pakamwa pawo, anandiyang'ana akuseka n'kunena kuti, “A Lazaro, kodi a Naphiri akudya bwino m'galimotomo? Muziwatsegulirako, angakomoke ndi kutentha.” Ine sindinamve msanga kuti a Naphiri akuwanenawo ndinu. Anzawo anaweramitsa mitu, wina n'kumakanda pansi ndi chala. Nditamvetsa ndinanyamula ndodo, ndipo akanapanda kundigwira, bwenzi pano ndikulemba kalatayi ndili m'manja mwa apolisi.

Amayi, ndikuuzeni mosabisa, poti nkhaniyi ndi yanu. Akuti Domingu anakupangani ndondocha kuti alemere. Akuti kumanda tinakaika thunthu la nthochi, inu muli pampando wakumbuyo, ndiye chifukwa chake anadetsa magalasi. Loko wa chidenga akuti ndi wotsekera inu akafika ku Fingowe. Chipaipi chija akuti n'chopumira inu. Inu amene ndinakutsekani maso ndi dzanja langa ili! Inu amene galimoto munkadana nayo, munkati imanunkha ngati chipatala, ndipo ulendo wa ku Malowera munkalolera kuyenda wapansi ndi mtolo pamutu!

Ndinkayesa ndi zolankhula za pa mowa, zitha zokha. Sizinathe. Ana akaona karinya amathawira kuseri kwa nkhokwe. Amayi amene ankapempha kukwera popita kumsika tsopano amatembenukira kutchire ikamadutsa. Tsiku limene Ana matenda anamuyamba, Domingu anabwera nayo mpaka pakhomo, injini ikulira, chitseko chili chotsegula. Mwamuna wa Ana anakana. Anati mkazi wake sangakwere mmenemo ali ndi pakati. Anamutengera pa ngolo, dzuwa lili pamutu, ng'ombe zikuyenda mwa ulesi wake. Mulungu anangotichitira chifundo kuti anafika. Tereza akanabadwira m'njira, kapena tikanataya onse awiri.

Madzulo ake Domingu anabwera kwanga, anakhala pansi penipeni ngati mwana. Anati, “Malume, ndingomatula zakudazi. Ndi pepala chabe, ndi mpeni limachoka.” Ine ndinakana. Ndinati, “Ukamatula lero, mawa adzati wawasamutsa agogo ako, wakawabisa kwina. Wamatula chifukwa chiyani ngati munalibe kanthu? Usakhudze.” Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Nanga akandipha, Malume, pepalalo lidzanditchinga?” Koma sindinasinthe, ndipo ndikuonabe kuti kumatula n'kuvomera mlandu umene sitinapalamule. Mbumba ya Naphiri sinagwadirepo a Jeke.

M'malo mwake ndinachita zanga. Lamulungu ndinamuuza kuti aimike karinya pabwalo la tchalitchi. Anthu akutuluka, ndinatsegula zitseko zonse zinayi, ndinatsegula chidenga, mpaka ndi ku injini komwe. Ndinakwera n'kukhala pampando wakumbuyo womwewo, miyendo ili panja, ndikufuula kuti, “Bwerani mudzaone! Amene akufuna moni wa mayi anga abwere!” Akatekisita anabwera, anasuzumira, anagwira mpando, n'kunena mokweza kuti anthu aope Mulungu. Amayi awiri atatu anasendera. Ena onse anaima patali, manja kumbuyo. Ndiye ndinamva mawu kuchokera m'gulumo, sindinaone mwini wake: “Zoterezi sizioneka masana, madala.” Anthu anaseka, ena mwamantha. Ndinatsika n'kutseka zitseko.

Zonsezo ndikanapirira, poti ndi anthu akunja. Chimene chandithyola ndi Rozina. Rozina yemweyo amene anakusambitsani, amene anakumangani duku lanu lobiriwira ndi manja ake. Sabata yathayi analota inu. Akuti munali m'karinya, pampando wakumbuyo, mutavala duku lomwelo, mukugogoda galasi ndi chala, pakamwa pakuyenda koma mawu osamveka. M'malo mobwera kwa ine mlongo wake, anakafotokoza ku bomba potunga madzi, akulira. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa malemu weniweni waona. Ndinapita kukamukalipira. Anati, “Achimwene, ine sindikunena kuti Domingu anachita kanthu. Ndikunena zimene ndaona. Kodi ndiname?” Ndinamuuza kuti munthu akamagona akumva nkhani imodzimodzi tsiku lililonse, amailota. Anangopukusa mutu. Panopa Domingu akamupatsa moni, amayankha akuyang'ana pansi, ndipo sopo amene anamubweretsera ali pawindo osamugwira.

Chilotere Rozina, zinthu zafika poipa. Dzana Domingu pobwera ku Fingowe anapeza chigogo chitagonekedwa pamsewu, pa kamlatho ka kufupi ndi dimba lanu. Atachepetsa liwiro, mwala unachokera m'tchire n'kumenya chitseko. Zitsulo zakutsogolo zija n'zimene zinamupulumutsa, anakankha chigogocho n'kudutsa osaima. Anyamata a kumsika akuti karinya isagonenso m'mudzi muno, apo ayi aithira petulo. Inu mukukumbuka za mwini chigayo uja wa ku Chiputo, mmene zinayambira ndi mawu ngati omwewa, ndi mmene zinathera. Ndakadandaula kwa a sekretariyo, oimira boma m'mudzi muno, akuti aitanitsa msonkhano anthu akamaliza kukolola. Kodi moto umadikira kukolola?

Mwanayu waonda, Amayi. Sadya. Akuti mwina angosamukira ku Tete, asadzabwerenso. Ndikamuyang'ana ndimaona Mariya, ndipo ndimadzifunsa kuti ndikadzafika kumeneko ndidzamuuza chiyani mchemwali wanga, kuti mwana wake ndinamusunga bwanji. Tsiku lina mtima umati ndimulole amatule pepalalo. Ndikadzuka m'mawa, ndikakumbukira kuseka kwa a Jeke, umakananso. Munkanena kuti ndinabadwa ndi khosi louma ngati bambo anga. Silinafewe.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha nditagwada. Ine ndayankhula, sanandimvere. Akatekisita ayankhula, sanawamvere. Watsala ndinu. Ngati n'zoona kuti mumatha kumuyendera Rozina kutulo, pitaninso. Koma chonde, Amayi, mubwere wapansi. Musayandikire galimoto ya munthu aliyense, ngakhale ngolo musakwere. Mudzere njira ya kudimba ndi ndodo yanu, mukhale pakhonde pake, ndipo muyankhule mokweza monga munkachitira poitana mbuzi, kuti amve mawu onse. Mumuuze kuti munafa ndi chifuwa ndi ukalamba, kuti muli pamene tinakuikani, ndipo kuti mdzukulu wanu amusiye. Rozina sasunga maloto, pofika masana adzakhala atauza mudzi wonse.

Pamene mukukonzeka, ine ndikulonjezani ichi. Domingu sayendanso yekha. Kuyambira mawa, kulikonse kumene karinya ipite, ine ndili momwemo, pampando wakumbuyo, galasi nditatsitsa, mutu uli panja, ndikupereka moni kwa aliyense ndi dzina lake ndi la mayi ake. Ikagona pakhomo, ndigona momwemo. Wofuna kuthira petulo adzayambe wandiyang'ana kumaso. Koma msana wangawu ndi mabampu a ku Fingowe sizigwirizana, ndiye musachedwe.

Mupereke moni kwa Mariya, koma za chigogo zija musamuuze.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lazaro