Ndani Ankasintha Mawu Anga

Lachiwiri, 3 Febuluwale 2004
Mvula kuyambira m'mawa. Msewu wa ku Ngala matope okhaokha. Ku ofesi laini ya foni yagwira masana, maimelo alowa. M'gulu lathu lomasulira m'Chichewa pulogalamu yaulere yolembera mwabuka mkangano. Chiukepo, amene akuphunzira ku Joni, akuti tileke kutumiza mafayilo kwa a Mzomera, otitsogolera ku Lilongwe. Aliyense aziika yekha ntchito yake pa seva imodzi, kompyuta ya pa intaneti yosunga dzina la wosintha liwu lililonse. A Mzomera akana: "Zakalezi zalakwa pati?" Ine ndili mbali yawo. Laini yathu ino yongodukaduka.

Lachisanu, 6 Febuluwale
Tavota. Chiukepo wapambana. Ena atuluka m'gulu, akuti zongodziperekazi sangavutike nazo. Mtima uli m'mwamba. Mkazi ndine ndekha, wakunyanja ndine ndekha. Ndikatsalira adzandifunsa ndani?

Loweruka, 14 Febuluwale
Malangizo a Chiukepo ndawerenga mpaka mutu waphulika. Kuyesa, laini duu. Kuyesanso, magetsi azima. Bambo a Nasra akuti, "Ntchito yopanda malipiro mpaka kuonda nayo?" Ndikungofuna Nasra wanga adzatsegule kompyuta imulankhule Chichewa. Basi.

Lolemba, 1 Malichi
Zatheka! Alhamdulillah. Dzina langa pa seva: Sharifa. Chiukepo waikapo ndi zakale zomwe, zimene tinkatumiza ndi zimene a Mzomera ankatulutsa. Ndinati ndingosuzumira.
Pomwe ndinalemba "Sunga" pali "Sevani". Pa "Leka" pali "Kanselani". Mzere ndi mzere, chiyambire. Osintha ndi a Mzomera, omwe aja ankandiyankha kuti, "Mwagwira ntchito, chemwali."


Lachitatu, 3 Malichi
Dzulo ndinafunsa pagulu chifukwa chimene mawu anga ankasinthidwira, osatchula dzina. Lero a Mzomera andilembera ndekha. Akuti ankaopa kuti am'tauni adzatiseka ndi Chichewa chakumudzi. Akupempha ndisawachititse manyazi. Ndazungulira ofesi yonse ngati nkhuku yofuna poikira.
Gulu lagwirizana lamulo latsopano: wosintha mawu a mnzake azilemba chifukwa, onse aone. Ndabwezeretsa "Sunga". Chifukwa chake: amayi anga akhoza kumva.
Nditafika pa "Leka" ndapeza labwezeretsedwa kale. Lotsatira lomwe. Dzina: Mzomera. Pa malo a chifukwa angolemba kuti, "Sharifa analondola."