Bafa la Anthu Sikisi

Lolemba, 14 Julayi

Chiperoni chafika, maondo a Amayi atupanso. Ndawathowa m'mawa monga mwa masiku onse, madzi otentha m'beseni ndi kathaulo kathu kothaitha kaja. Ndisanamalize, foni. Mng'ono wanga Monalisa ku Joni. Akuti wawapezera Amayi mankhwala: bafa lopopa ngati tayala, lolumikiza ku magetsi, limatenthetsa lokha madzi n'kumabwata. Watumiza zithunzi ziwiri, la anthu awiri ndi la anthu sikisi, akuti tisankhe ndipo alikweza pa basi.

M'zithunzimo muli azungu akuseka, matambula m'manja. Wotupa maondo sindinamuonemo.

Lachiwiri, 15 Julayi

Achimwene a Bizwick abwera kuchokera ku Boma ndi chingwe chawo kudzayeza malo. Anayambira kuseri kwa nyumba, koma Amayi akanitsitsa. "Ndizisamba panja anthu akudutsa? Ndine bakha ine?" Ndiye ndi m'nyumba basi.

Laling'onolo likukwana m'kasitolo kosungira chimanga ndi nandolo. Lalikululo likukwana m'chipinda chimodzi chokha, changa. Achimwene anena zimenezi akuyang'ana khoma. Kenako andipempha kuti ndigwire nsonga ya chingwe, ndipo ine chitsiru ndagwira, kuyeza chipinda changa chomwe.

Ukwati wanga ndi a Harold utatha ndinabwerera kuno ndi matilesi ndi sutikesi basi. Chipinda chimenechi ndi malo okhawo pa dziko lino amene ndimatseka chitseko wina n'kugogoda.

Lachinayi, 17 Julayi

Gulu lathu la pa foni latentha kuposa bafalo. Monalisa akufuna lalikulu, akuti pa Khirisimasi abwera ndi bambo wa kunyumba kwake ndi ana, alowemo onse. Achimwene nawo lalikulu, kaya akufuna kumabwera ndi anzawo a ku Boma. Ndalemba kuti laling'ono ndilokwanira munthu mmodzi wodwala. Ndafunsanso kuti mpopi wathu, umene umatulutsa madzi ukafuna wokha, ukauma adzatunga ndani. Funso limeneli aliwerenga onse, palibe wayankha.

Monalisa waimba. "Achemwali, musatenge zinthu molakwika. Pa balaza paja ndi pabwinobwino, ndikugulirani katani." Katani! Nyumbayi anamanga ndi iye, ndikudziwa. Sanena ndi pakamwa pake, koma mvula ikamagwa malata amandikumbutsa.

Tagwirizana kuti asankhe ndi Amayi eni ake Lamulungu. Mtima wakhala pansi. Amayi akudziwa amene amawadzutsa, amene amawagwira dzanja popita ku chimbudzi.

Lachisanu, 18 Julayi

Kumsika ku Thuchila ndakumana ndi Cathy, mnzanga wa ku pulayimale, wogulitsa zitenje ku Muloza. Akufuna munthu womukhalira pa benchi iye akamaoloka kukaoda ku Milange, ndipo kuseri kwa nyumba yake kuli kachipinda. "Tiye aise, ukalambira pa mbaula iwe." Ndaseka. Ndamufunsa kuti nanga Amayi aziwathowa ndani.

Loweruka, 19 Julayi

Mpopi wauma tsiku lonse. Kumjigo, msana ngati wathyoka. Pa gulu atumiza chithunzi china, akuti lalikululo lili ndi nyali zosintha mitundu.

Lamulungu, 20 Julayi

Ndinaziona kutchalitchi komwe. Amayi anabwereka foni yanga n'kumaonetsa amayi a Mvano chithunzi, ndipo chinali cha lalikulu. "Mwana wanga wa ku Joni ameneyo." Ine wonyamula mpando wawo ndili chiimire pambali.

Masana Monalisa waimba, achimwene ali pomwepo. Amayi sanachedwe n'komwe. "Lalikululo, mwanawe. Nyumba ndi yako, tingakukanize ife? Cecilia alibe vuto, ameneyu amagona paliponse."

Amagona paliponse. Ndinali nditagwira kapu yawo ya tiyi, ndikuuzira kuti angapse. Ndinawapatsa tiyi wawoyo. Zandiwawa, ndipo Monalisa sindikumuda ngati mmene ndimaganizira. Iye ali kutali, amaona Amayi pa galasi la foni. Koma Amayi amandiona tsiku ndi tsiku.

Lolemba, 21 Julayi

Achimwene akuti ndiyambiretu kuchotsa katundu, akufuna kutsira simenti yatsopano pansi bafa lisanafike. Ndati chabwino. Ndamuimbira Cathy.

Lachiwiri, 22 Julayi

Ndachapa zovala zonse za Amayi ndi mabulangete omwe. Mapiritsi awo ndawaonetsa alamu, akazi a achimwene, kuti awa ndi a m'mawa, awa ndi a madzulo. Anandiyang'ana ngati ndikuwapatsa njoka. Ndawauza kuti ku Boma si kutali, minibasi zilipo.

Katundu wanga wakwana m'sutikesi yomwe ija. Sindinadziwe kuti zaka zonsezi sindinawonjezere kanthu.

Lachitatu, 23 Julayi

Ndikulemba ndili pa siteji, matilesi ndapinda n'kumanga ndi chingwe cha achimwene chija.

M'mawa ndinatenthetsa madzi ngati kale. Ndinagwada, kufinya thaulo, bondo lamanzere kaye chifukwa ndi limene limavuta. Amayi anatsinzina. "Mawa ulawirire, Cecilia, akumayamba kupweteka kusanache."

Ndinawauza kuti mawa kulibe ine, ndikupita ku Muloza. Anaseka kaye. Kenako anaona sutikesi pakhomo.

"Nanga ine?"

"Bafa likubwera, Amayi. La anthu sikisi."

Anandigwira pa mkono, mwamphamvu ndithu, mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Ndinadikira kuti anene kuti amuimbira Monalisa, atumize laling'ono. Ndikanamasula sutikesi pomwepo, Mulungu akudziwa. Ndinadikira mpaka madzi anazizira m'beseni.

Anati, "Ndiye katani uja tiziti ndi wa ndani?"

Ndinamaliza bondo lakumanja ndi madzi ozizira omwewo.