Makina a Telala

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi azakhali ako. Kuno ndadzuka, bondo lokha ndi limene likundikumbutsa ukalamba.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu akundikanika.

Unandipempha chithunzi cha makina osokera a mayi ako, kuti uike m'ntchito yako ya ku yunivesite yofotokoza malo amene amayi osoka pakhomo amagwirira ntchito. Unati aphunzitsi ako safuna zithunzi zongokongoletsa pepala, koma zoonetsa chimene ukunena, ndipo pansi pake ulembe mwini wake.

Mwana wanga, makina a pachithunzi ndinakutumizira chija si a mayi ako.

Chichitikire maliro a mayi ako, chipinda chawo chosokera chija ndinali ndisanatsegule. Utandipempha ndinafika pachitseko, ndinaima, ndinabwerera. Ndinapita kwa telala wa pakhonde la golosale, n'kumupempha kuti adzuke pang'ono ndijambule. Iye anati ngati makina ake akupita ku yunivesite, nayenso am'patse digiri. Ndinaseka naye.

Kenako unandiimbira ukulira, unati ukuona pamene dzanja la mayi ako linasupula penti. Ine ndinangoti eya. Dzanja limenelo ndi la telala. Kuyambira tsiku limenelo ndimalambalala khonde lake.

Dzulo ndinatsegula. Fumbi lili ponseponse. Mpando ndi uja wofupika mwendo umodzi, katoni yochirikiza mwendowo ikadali pansi. Zenera lili kumbuyo kwa wosoka, osati kutsogolo ngati kwa telala, n'chifukwa chake mayi ako ankadandaula maso. Ndiye zimene walemba zokhudza kuwala potengera chithunzi chija ndi zolakwika, ndipo wakulakwitsa ndine. Pansi pa singano pali diresi labuluu, mkono umodzi wosasoka. Ndikuona ngati ndi la msinkhu wako.

Ndajambula zonse osasuntha kanthu. Zina sizikuoneka bwino. Ngati sizikwanira undiuze, ndijambulanso m'mawa dzuwa likalowa m'chipindamo.

Chonde chotsa chithunzi chija usanapereke ntchito Lachisanu. Ndikudziwa ndakuonjezera ntchito nthawi itatha kale. Aphunzitsi akafunsa chifukwa chimene wasinthira, usazungulire, uwauze kuti bambo ako anakunamiza.

Upereke moni kwa azakhali ako, koma izi ndiwauza ndekha. Mulungu akusunge, akupatse mutu wozizira.

Ndine,
Bambo ako