Nambala Eyiti ndi Mtengo wa pa Malire

Lachiwiri, 3 Juni

Kalata ya ku ofesi yoteteza minda yafika. Nambala 9. Chaka chachinayi ndili pa mzere! Bajeti ya boma ikadutsa, ndalama zikwanira minda isanu ndi iwiri basi. Iwo amalipira, ine n'kusaina kuti pa maekala 68 awa sipadzamangidwa kanthu mpaka kalekale. Munda ukhalabe wanga, khola la ng'ombe n'kukonzedwa lisanatigwere.

Zikakanika, ndigulitsa kwa Bryce, uja womanga zinyumba zosungiramo katundu. Ndinamulonjeza Loretta kuti malire ndi kutha kwa Julaye. Mwana wangayu saiwala lonjezo, amangoiwala kubweza mbale zanga.

Lachisanu, 6 Juni

Bryce wabweranso. Nsapato zoyera mbee, m'khola! Dolly, ng'ombe yanga, anakweza mchira n'kumulandira monga mwa chikhalidwe cha ng'ombe. Sindinapepese.

Masana ndinapita ku tauni ya Lancaster. Mayi Kauffman a ku ofesi akuti minda amaipatsa malikisi ngati ana asukulu. "Dothi lanu n'labwino, Verna, koma munda uli wokhawokha. Oyandikana nawo atalembetsa, mungakwere."

Oyandikana nawo ndi a Elam Hostetter. Bola kuyandikana ndi mavu.

Lamulungu, 15 Juni

Zaka 31 tikukangana za mtengo wa maapozi wa pa malire. Anaudzala ndi malemu a Mervin, bambo a Loretta, chaka chimene tinakwatirana. A Elam amati mizu ili kwawo. Analowa liti pansi kukaiona?

Titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwawo. Chitumbuwa cha manyuchi dzanja ili, fomu dzanja linali. Pa Sabata, Ambuye andikhululukire. Anadya magawo atatu. Kenako: "Shuga wachepa. Tabweretsani cholemberacho."

Asaina! Ndinabwerera ndikuimba, ululu wa bondo woiwalika.

Lachiwiri, 1 Julaye

Bajeti sinadutse. Aphungu akadali kukokanakokana. Pa wailesi aliyense akuti amakonda alimi. Chikondi chimenechi ng'ombe sizidya.

Mkaka watsikanso mtengo. Bondo lakumbukira ntchito yake. Loretta pa foni: "Amayi, mukudikira anthu amene nawonso akudikirana okhaokha."

Ndinayenda m'chimanga mpaka ku kamtsinje. Bryce akuti pamenepo ndi poimika malole. Ndili ndi mantha, ndisaname. Ndinalira pang'ono, chimanga sichiulula.

Lachisanu, 18 Julaye

Yadutsa! Minda isanu ndi iwiri, monga ananenera. Mndandanda watsopano watuluka, ndakweradi: nambala 8.

Pa 7 pali ndani? A ELAM. Dothi lawo akuti laposa langa ndi malikisi awiri. Munthu amene sankadziwa ngakhale khomo la ofesiyo! Ndinamuika pa mzere ndekha, ndi chitumbuwa changa, ndi cholembera changa, chimene mpaka lero sanabweze. Dzenje ndakumba ndekha, ndagweramonso ndekha.

Kwatsala masiku 13. Loretta sindinamuuze.

Lolemba, 21 Julaye

A Elam pakhonde panga m'mawa, chipewa osavula. Akuti afunsa kwa Mayi Kauffman: mlimi akhoza kulandira ndalama zochepa mwa kufuna kwake, zotsalazo n'kupita kwa wotsatira. Iwo theka, ine theka, minda yonse iwiri yalowa. Theka likwanira khola. Denga la nyumba lidikire, lazolowera.

Ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja. Ndiye anatsokomola.

"Koma oyeza malire akabwera, mtengo uja ulembedwe kwanga. Pa pepala, Verna, osati pakamwa."

Ndinati ndinu wakuba wopanda manyazi, ndi ndevu zanuzo.

"Eya. Komatu Bryce ndamukana katatu ine. Inu mukachoka ndizikangana ndi ndani, khoma la simenti?"

Tsiku lonse mutu wazungulira. Munda wa Mervin, kapena mtengo wa Mervin. Ndathira mchere mu khofi.

Loweruka, 27 Sepitembala

Kope ili ndinalitaya m'kabati. Oyeza malire anabwera ndi kupita. Ndinasaina, popita kunyumba n'kudzera kumanda kukapepesa kwa Mervin. Ndalama akuti chaka chisanathe, boma silithamanga. Bryce zii. Loretta wabweza mbale imodzi, yopanda chivindikiro.

Mtengo ndi wa a Elam mpaka kalekale. Zimandiwawabe ndikauyang'ana.

Koma mdalayu, zaka 31 zonsezi ankangoganiza za mizu. Kwawo ndi kumtunda, kwanga kumunsi. Dzulo kunali chimphepo. Maapozi onse agubuduzikira kwanga, mkati mwa malire olembedwa pa pepala, osati pakamwa. Mabasiketi anayi!

Ndikuwaona pa windo pano, akutsika ndodo ili m'mwamba, kukalipa asanafike n'komwe. Chitumbuwa cha maapozi chapsa. Mbale ziwiri pa tebulo. Shuga ndawonjezera.