Ndalama Imene Inandithyola Dzino

Zemun, 9 Disembala 2012

Okondedwa achemwali anga a Leposava,

Ndayamba ndi moni, monga anatiphunzitsira aphunzitsi aja asanatope nane. Muli bwanji kumudziko? Bondo lija likukulolani kutsikira kukhola? Zaka zonsezi ndimafunsa mwamwambo chabe, koma ulendo uno yankho ndikulifunadi, ndipo mumva chifukwa chake.

Ife kuno tilipo. Alamu anu a Zagorka akadalamulirabe dziko lonse ali kukhitchini. Ine adokotala andiletsa kachasu wathu wa rakija, nyama yankhumba ndi khofi, ndiye ndinawafunsa ngati kupuma mpweya kukadaloledwa. Akuti pang'onopang'ono. Chikepe cha m'nyumba yathuyi chafanso, moti ndikamakwera masitepe ndimapumira pakhomo lililonse, ndipo anthu ayamba kuganiza kuti ndimadzamvetsera nkhani zawo. Sakulakwitsa kwenikweni.

Tsopano khalani pansi. Ndalama ija ndaipeza.

Mukulidziwa bokosi langa la ndalama zakale, lija mumalitcha manda a mafumu. Kadzenje kalikonse kali ndi mwini wake, kupatula kamodzi kamene kakhala kukamwa yasa zaka makumi anayi, kudikira madinara asanu asiliva a 1904, a mitu iwiri aja. Ndinaikamo batani la jekete kuti kasamandiyang'ane. Zimene ndinkaona pamsika zinali zabodza, ndipo yeniyeni ikapezeka mtengo wake unkafuna kuti ndigulitse a Zagorka. Chonsecho imodzi inali phee m'kabati mwanu, ija amayi ankaika m'buledi wa Khirisimasi. Ndinakupemphani kangati? Ndinakulonjezani ng'ombe ndilibe ndi nkhuku yomwe. Inu yankho linali limodzi, lakuti ndalama ya m'buledi ndi ya nyumba, ndipo idzatuluka pakhomo pambuyo pa bokosi lanu lamaliro.

Lamulungu lapitali ndinapita kumsika wa zakale monga mwa masiku onse. Kumeneko kuli mnzanga Gvozden, wogulitsa ndalama ndi mawotchi akufa, munthu woti akakupatsa moni uwerenge zala. Atandiona anakuwa kuti pulofesa wa kalasi yachinayi wafika, anthu abise zikwama. Ine ndinamufunsa ngati amayi ake akudziwa kuti anakula n'kukhala mbava. Titatha kulonjerana choncho, anapisa pansi pa tebulo n'kutulutsa kansalu. Akuti ali ndi chinthu chimene ndakhala ndikumulirira, koma ndisasangalale msanga, chifukwa munthu wina wankhanza wakhala akuchikwecha ngati poto mpaka mitu yonse iwiri yachita dazi. Mukudziwa kuti kwa ife osunga ndalama, kutsuka ndalama ndi tchimo losakhululukidwa. Anawonjezera kuti m'mphepete muli chibowo, ngati bulu anailuma.

Achemwali, nditaiika pachikhatho ndinamuuza Gvozden kuti alankhule mwaulemu, chifukwa bulu ameneyo waima patsogolo pake.

Mukukumbukira Khirisimasi ya 1951. Abambo anazunguza buledi, tonse tinagwira n'kunyema, ndipo ine ndinaluma chigawo changa ngati galu wa eni. Dzino lakutsogolo linakumana ndi ndalama ija n'kuthyoka pakati. Inu munaseka mpaka amayi anakutulutsani panja. Akuti wopeza ndalamayo amakhala ndi mwayi chaka chonse, koma chaka chimenecho n'chimene mbuzi inandiponya m'chitsime. Ndalamayo abambo anaiwombola kwa ine ndi njere zisanu za mtedza, n'kuibwezera m'kabati ili ndi chizindikiro changa.

Gvozden sanakhulupirire. Ndinachotsa mano anga oikirirawa kuti ndimuonetse pamene panali dzinolo, iye n'kunena kuti ndibwezere msanga ndikuthamangitsa makasitomala. Kenako ndinabwereka singano n'kutokosa m'zilembo za m'mphepete. Munatuluka kaufa kouma. Ndinalawa. Munalibe mchere, ndiye ndinadziwiratu kuti wokanda anali inu.

Ndinamupatsa ndalama zanga ziwiri za ku Montenegro zimene wakhala akuzisirira, n'kubwerera kunyumba. Ndinachotsa batani, ndalama inalowa m'kadzenje kake ngati inabadwiramo. Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzavina mpaka okhala pansi pathu adzagogode denga ndi tsache. Koma ndinangokhala. A Zagorka anandiyang'ana n'kunena kuti nkhalamba iyi yalira zaka makumi anayi ikufuna chinthu, lero yachipeza yakhala ngati ili pamaliro. Ndinawayankha kuti mwina ndilidi pamaliro, kungoti sanandiuze.

Ndiye ndikufunseni, achemwali: kodi munamwalira osandidziwitsa? Chifukwa ndalama yatuluka pakhomo, ndipo za bokosi sindinamve.

M'mawa mwake ndinapita kwa Gvozden ndi botolo limene adokotala anandiletsa, kuti lilime lake limasuke. Akuti anabweretsa ndi mayi wa zaka ngati makumi asanu, wa magalasi ofiira, pa galimoto ya nambala za ku Čačak. Ameneyo ndi mwana wanu Slavica, palibenso wina angavale magalasi amenewo dala. Akuti m'katoni yake munalinso chopukusira khofi cha chogwirira chomanga ndi waya, ndi chidindo chamtengo chodindira buledi. Waya ameneyo ndinamanga ndine, nditathyola chogwiriracho n'kunamizira mphaka. Mayiyo ananena kuti nyumba ikutsekedwa chipale chofewa chisanatseke msewu. Gvozden atafunsa ngati mwini wake anatisiya, iye anangovula magalasi n'kumawapukuta.

Koma chimene chandisokoneza mutu ndi ichi. Pa tambula yachiwiri Gvozden anaulula kuti mayiyo asanatsegule katoni anayamba wafunsa ngati tebulo limeneli ndi limene pamakonda kuima mdala wina wolongolola dzina lake Obrad. Atamva kuti inde, anatulutsa ndalamayo, osatsutsa mtengo ngakhale pang'ono, n'kupempha kuti isaikidwe poonekera mpaka mdalayo atabwera. Tsono ndiuzeni. Ku Čačak kulibe misika? Munthu angayende ulendo wonsewo, kudutsa Belgrade yense, kudzagulitsa kandalama kamodzi kwa mbava ya ku Zemun? Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma apa ndikuona dzanja lanu. Munalumbira kuti simudzandipatsa, ndiye mwaigulitsa kuti ndiigule ndekha, lumbiro lanu likhale losathyoka. Ndi inu nokha m'dziko muno mungapatse munthu mphatso n'kumulipiritsa.

Ndakhala ndikuganiza zifukwa. Mwina mukukwatiwanso ndi a Vukašin oweta njuchi aja, amene akhala akukuponyerani maso kuyambira nthawi ya njala. Ngati ndi choncho ndidalitsa, bola uchi uzibwera. Mwina mukupita kwa masisitere, koma sindikhulupirira kuti angakupirireni sabata. Mwina Slavica wakunyengererani kukakhala naye m'kanyumba kam'mwamba kaja, kumene nkhuku sizikwera. Chifukwa chinacho sindichilemba, cholembera chikukana. Ndingonena kuti nditakuimbirani mu Okutobala munalankhula za maula mphindi khumi, ndipo simunandikalipire ngakhale kamodzi. Ndinaika foni pansi ndili ndi mantha, koma ndinadziuza kuti mwina ukalamba wakufewetsani.

Pempho langa ndi limodzi. Mundilembere zoona zake, papepala, ndi dzanja lanu. Pafoni ayi, chifukwa pafoni mumanama bwino kuposa ine. Slavica sindinamuimbire dala. Ndikufuna ndimve kwa inu, ngati adokotala anenapo kanthu mundiuze monga ananenera, osachotsa kapena kuthira shuga. Ndine mlongo wanu wamng'ono wopusa uja, koma ndili ndi zaka 72, ndikhoza kumva.

Ndipo mudziwiretu kuti mphatso yanuyi ndaikana. Munati ndalama idzatuluka pambuyo pa bokosi, ndiye yatuluka molakwika, iyenera kubwerera. Ndagula kale tikiti ya basi ya pa 5 Januwale, kuti Khirisimasi ya mpingo wathu ya pa 7 indipeze kumeneko. Ndalama ibwera m'sokosi, chidindo ndi chopukusira m'chikwama, poti nazonso ndinaziwombola. Kaya ndikupezani kumudzi, kaya kwa Slavica, kaya pabedi la kuchipatala, buledi aphikidwe. Ngati manja sakulola, muzidzalamula muli khale, ine ndidzakanda, inu muzidzanditukwana. Mwini tsiku lotulutsa ndalamayo ndi Mulungu, osati inu ndi Gvozden.

Batani ndalibwezera m'kadzenje kake. A Zagorka akuti likuoneka bwino kuposa mafumu adazi aja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lathu ndagwirizana nawo.

Mundiperekere moni kwa mphwanga Slavica, mumuuze kuti ukazitape sakuutha. Moni kwa amuna ake, kwa adzukulu anu awiri, kwa msuweni wathu Milojka, ndi kwa a Vukašin ngati alidi alamu anga atsopano. A Zagorka akupereka moni ndipo akutumizirani masokosi aubweya, ena osati obisamo ndalamawo.

Buledi ameneyo adzakhale wofewa, achemwali. Mano ndili nawowa ndi ogula.

Ndine mlongo wanu wokuvutitsani mpaka kalekale,

Obrad