Mankhwala a Lachinayi a Achimwene Anu

Okondedwa alamu,

Muli bwanji ndi ana kumudziko? Kuno ku Philippi tili bwino. Achimwene anu, amene anatha zaka zitatu ali duu ndi maganizo, ayambanso kudya ndi kuseka.

Koma mtima wanga sukukhazikika. Lachinayi lililonse amati akupita kuchipatala, koma amabwerako opanda mapiritsi. Ndiye ndinawatsatira. Ndinawaonera pazenera, misozi ili mbwembwembwe, akuyankhula ndi mayi wina. Nditawapanikiza anati, "Ndi mlangizi wa zamaganizo. Timakamba za Chisomo."

Alamu, chimwalirireni mwana wathuyo, dzina lake sanalitchulepo m'nyumba muno. Zoona akalitchulire mlendo?

Ankhoswe musawauze kaye. Achimwene anuwo akuti Lachinayi likubwerali tipite limodzi. Ndipita, ndikamuonetsetse mayiyo. Mutipempherere, chifukwa dzinalo nanenso limandikanika.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Nabanda